Mbale ya Awiri, Khomo la Onse

Mwa mafunso onse amene ankhoswe, alangizi ndi akulu a mpingo a m'midzi yozinga Phiri la Zomba akhala akutembenuza pakati pawo, kuyambira pamene belu loyamba la mishoni linamveka m'dziko la Malemia kufikira lero lino, lilipo limodzi limene lioneka lochepa pamaso pa munthu wofulumira, koma limene, ukalisinkhasinkha mofatsa, upeza kuti lagwira muzu wa ukwati, wa ulemu ndi wa chifundo chomwe. Ndipo funsolo ndi ili: kodi kuyenera kuti mwamuna ndi mkazi wake asambe m'manja nthawi imodzi, akhale pamphasa imodzi, nateme nsima ya m'mbale imodzi? Alipo amene ayankha kuti inde, pakuti iwo amene Mulungu anawayesa thupi limodzi sayenera kukhala ndi mbale ziwiri. Aliponso amene apukusa mutu, nati makolo athu sanatero, chikhalirecho maukwati awo anafika ku imvi. Ndipo popeza mbali zonse ziwiri zili ndi anthu anzeru ndi oopa Mulungu, sikuyenera kuti tigamule mlanduwu mwaliwiro tisanamve mboni zake zonse.

Mboni yoyamba ndiyo mudzi wa makolo. Pakati pa Amang'anja amene anakhala m'tsinde mwa phirili kuyambira kale, ndi Ayao amene anawapeza pomwepo cha m'ma 1860, ndi Alomwe amene anadza pambuyo pake kuchokera ku Mozambique, mwamuna ndiye anali kutsata mkazi, namanga nyumba pakati pa mbumba ya eni ake. Ndipo dzuwa likapendeka, mkazi aliyense, atavundula nsima pa mafuwa ake ndi kuiomola ndi chipande, anali kutuma mwana kuti anyamule nsengwa ya nsima ndi kambale ka ndiwo kunka nazo pabwalo, pamene amuna onse a mudziwo, pamodzi ndi anyamata a kumphala, anali atakhala mozungulira, ndipo mbale za nyumba zonse zinali kudyedwa imodziimodzi kufikira zitatha. Akazi nawonso, ndi atsikana, ndi tiana ta m'manja, anali kusonkhana kukuka kapena pakhonde la mayi wamkulu, nadyerana momwemo. Ichi ndicho chidyerano. Ndipo amene achiyesa mwambo wopanda nzeru sanaganizire za mwana wamasiye, amene analibe mayi womuphikira koma sanagone ndi njala. Za nkhalamba imene mkazi wake anatsikira kuli chete. Za mlendo wosenza mtolo wa matemba kuchokera ku Chilwa, amene mdima unamugwera panjira. Ndi za mkazi amene nkhokwe yake inatha mvula ili pakati, koma usiwa wake unabisika pakati pa mbale za anzake. Pabwalo pomwepo mnyamata anaphunzira kudikira kuti akulu ayambe kutema, kusathamangira nthuli yaikulu, ndi kusanyamuka pambale osalawira. Ndipo munthu wodyera m'nyumba atatseka chitseko anali kunyozeka, natchedwa waumbombo, ndipo kuchokera pa umbombo kukafika pa mbiri ya ufiti panalibe mtunda wautali. Akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye, ndipo mwambi umenewu unali kuchitika pamaso pa onse madzulo alionse.

Komatu munthu asaganize kuti, popeza mwamuna ndi mkazi sanakhale pamphasa imodzi, chakudya chinalibe gawo m'pangano lawo. Mwamuna wokana nsima ya mkazi wake anali atanena mawu aakulu osatsegula pakamwa, ndipo m'mawa mwake ankhoswe anali kuitanidwa. Mkazi woleka kuphikira mwamuna wake anali atamulozera njira ya kwawo. Mchere umene unali ndi malamulo ake, pakuti mkazi amene ali kumwezi, kapena amene wayenda njira zosayenera, sanali kuthira mchere m'ndiwo, kuopa kudula a m'nyumba mwake ndi nthenda ya mdulo, koma anali kuitana kamwana kuti kamuthirire. Ndipo mwamuna wachigololo nayenso anali kuopedwa kuti adzetsa tsoka lomwelo pa mkazi ndi ana. Nkhuku ikaphedwa, nthutumba inali kusungidwira mwini nyumba, ndipo ikasowa m'mbale panali kufunsana. Mkute wa m'mawa, umene mwamuna anali kudya asananyamule khasu, unali wa m'nyumba, wosapita pabwalo. Kufikira lero, pa chinkhoswe, ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi asinthana tambala ndi msoti, nadyerana nkhuku imodzi pamaso pa anthu, kuti aliyense adziwe kuti mabanja awiri amangana. Chotero makolo anadziwa bwino lomwe kuti ukwati ukhala mumphika, ngakhale sanauonetse pamphasa.

Pamenepo mboni yokhulupirika iyenera kunenanso zimene sizikometsa mlandu wake. Mkazi amene analima pamodzi ndi mwamuna wake kuyambira mbandakucha, nabwerera ndi mwana kumsana, natunga madzi, nasinja, napeta, nakoleza moto ndi nkhuni zimene anatsika nazo pamutu kuchokera m'phiri, ndiye kawirikawiri anali womalizira kudya. Nyama ndi nsomba zabwino zinali kutsogola pabwalo, ndipo kukuka kunali kutsalira msuzi, masamba ndi nkhoko za mumphika. Mayi woyembekezera, amene thupi lake lidyetsa anthu awiri, anali kuletsedwa mazira m'midzi yambiri; ndipo kamwana kofooka manja, kodya pang'onopang'ono pakati pa anzake akuluakulu, kanali kupeza mbale itayera kasanakhute. Aliyense amene aona lero amayi otsika mumsewu wokhotakhota wa Ku Chawe, atasenza mitolo ya nkhuni yotalika kuposa msinkhu wawo, adzifunse yekha ngati kuli kolungama pamaso pa Mlengi kuti khosi limene lasenza katundu wotere likalandire zotsala za amene sanasenze kanthu. Chidyerano chinasunga mlendo ndi wamasiye, koma nthawi zambiri chinaiwala mwini mthiko.

Mboni yachiwiri ndiyo mishoni ndi Boma. M'chaka cha 1884 Alexander Hetherwick, wa mpingo wa ku Scotland, anatsegula mishoni ku Domasi. Ndipo m'chaka cha 1891 Harry Johnston anakhazika likulu la Boma la Angerezi m'tsinde mwa phirili, pafupi ndi mtsinje wa Mulunguzi, pamene likulu la dziko linakhala kufikira 1975. Kuyambira masiku amenewo ana a m'midzi ya Malemia, Chikowi, Mlumbe ndi Kuntumanji, amene analowa ntchito ya ukhukhi ndi yoperekera zakudya m'nyumba za azungu, anaona chinthu chimene makolo awo sanachionepo: bwana ndi dona wake atakhala pagome limodzi maso ndi maso, aliyense ndi mbale yake, mpeni wake ndi foloko yake, ndipo dona ndiye woyamba kugawiridwa. Aphunzitsi, alembi a m'maofesi, akapitawo ndi asilikali a Keyala anatengera zina za izi kwawo. Ndipo pamene Boma linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi m'chaka cha 1929, kumene aphunzitsi anali kubwera pamodzi ndi akazi awo ndi ana awo, nakhala m'mudzi wachitsanzo, amuna kuphunzira za kuyang'anira sukulu, akazi kuphunzira za ukhondo, za kulera ana, za kusoka ndi za kaphikidwe, chithunzi cha banja la Chikhristu lodzidyera palokha m'nyumba yosesedwa bwino chinafalikira m'maboma onse a Nyasaland. Panali phindu lenileni m'menemo, pakuti mkazi anakwezedwa kuchoka pa mafuwa kudzakhala pambali pa mwamuna wake, ndipo mwana anapatsidwa mbale yake kuti akhute.

Koma gome limene makolo athu analionera m'nyumba za m'mapewa mwa phiri linali ndi mpanda wake. Amene anaphika sanakhalepo, amene anaperekera anaimirira kumbuyo, ndipo ku Gymkhana Club, m'masiku a atsamunda, munthu wakuda anali kulowa monga wantchito basi. Analipo ndithu amishoni amene anakana mpanda wotere, monga David Clement Scott wa ku Blantyre, amene anaumirira kuti azungu ndi anthu akuda akhale mpingo umodzi ndi kuyandikira Gome limodzi la Ambuye. Koma ambiri mwa anthu athu, poona gome, foloko ndi chitseko chotseka zitafika pamodzi ndi Buku Lopatulika, anaziyesa katundu mmodzi, nalandira zonse osasankha, kotero kuti kutsekera mlendo kunja kunayamba kuoneka ngati chizindikiro cha munthu wophunzira.

Mboni yachitatu tiiitane kutali, pakuti kutithandiza kudziwa kuti madyedwe amene tinawaona kwa azungu a ku Zomba sanali a makolo awo akale, ndiponso sanali lamulo la Chikhristu chiyambire. M'maiko a ku Ulaya, m'zaka za pakati pa 1000 ndi 1500, mafumu ndi akazi awo omwe anali kudya ndi zala monga tidyera ife, atasamba m'manja ndi madzi owathirira mnyamata, asanadye ndiponso atatha kudya. Munthu anali kudza ndi mpeni wakewake, ndipo m'malo mwa mbale anali kupatsidwa chibenthu cha mkate wouma, choikapo nyama yake kuti msuzi ulowerere m'menemo. Foloko inali yachilendo kotero kuti, pamene mkazi wina wa ku Constantinople, wokwatiwa ndi wolamulira mzinda wa Venice, anadyera kafoloko kagolide, mtsogoleri wa mpingo Peter Damian anamudzudzula m'zolemba zake monga wodzikuza. Ndipo Thomas Coryat, amene anaiona ku Italy nailongosolera anthu a ku England m'chaka cha 1611, anzake anamuseka nayo. Chimene chikhudza mlandu wathu koposa ndi ichi, chakuti ndiwo zinali kuikidwa mbale imodzi pa anthu awiri, ndi chikho chimodzi pa anthu awiri. Ndipo pa madyerero mwini nyumba anali kukhazika mwamuna ndi mkazi moyandikana kuti adyerane, mwamunayo namudulira mnzakeyo nthuli zabwino, napukuta milomo yake asanamwere chikho chimene winayo adzamweranso. Nkhalamba ina ya ku Paris, imene cha m'ma 1393 inalembera mkazi wake wachitsikana buku la malangizo a panyumba, powerenga oitanidwa ku phwando inali kuwerenga mbale, ndipo mbale iliyonse inali kuimira anthu awiri.

Mpingo wa masiku amenewo unazindikira kulemera kwa mbale imeneyi. Mwa mwambo wa tchalitchi cha ku Salisbury, umene unatsatidwa m'madera ambiri a England, Misa ya ukwati ikatha wansembe anali kudalitsa mkate ndi chikho kuti mkwati ndi mkwatibwi alawe pamodzi. Ndipo mabwalo a milandu a mpingo, amene sanali kumasula ukwati womangidwa bwino, pamene nkhanza kapena chigololo zinafika posapiririka anali kugamula kuti awiriwo alekane pa gome ndi pa kama, monga momwe ankhoswe athu anadziwira kuti nsima yokanidwa ndi mphasa yogawanika ndizo zionetsa banja lodwala. Mpingo womwewo, pa msonkhano waukulu wa ku Lateran m'chaka cha 1215, unalamula kuti ukwati uzilengezedwa poyera m'tchalitchi usanamangidwe, mwambo umene tili nawo kufikira lero, pofuna kuti chinthu cha anthu awiri chikhale pamaso pa anthu onse.

Ndipo mbale ya awiri imeneyi inali kudyedwa poyera. Nyumba ya mfumu inali ndi holo yaikulu, imene tinganene kuti ndiyo inali bwalo lawo, m'mene mwini nyumba ndi mkazi wake anali kukhala kumtunda, alendo pafupi nawo, ndi antchito onse kumunsi monga mwa maudindo awo, onse pansi pa denga limodzi ndi pa nthawi imodzi. Ndipo atatha kudya, zibenthu za mkate zija zonyowa ndi msuzi, pamodzi ndi zotsala za m'mbale, zinali kusonkhanitsidwa mumtanga ndi kugawidwa kwa aumphawi odikira pachipata, ndipo m'nyumba zazikulu munali munthu woikidwa pa ntchito imeneyo. Kunalitu kusiyana kwa wamkulu ndi wamng'ono, ndipo wosauka anali kulandira makombo. Komabe mwini chuma sanathe kudya osaona nkhope za anthu ake. Tsono m'kupita kwa zaka olemera anayamba kutopa ndi phokoso ndi utsi wa m'holo, nayamba kupatukira m'zipinda zawo. Cha m'ma 1240 Robert Grosseteste, bishopu wa ku Lincoln, polembera malangizo mfumukazi yamasiye ya dera limenelo, anaichenjeza kuti izidyera m'holo pamaso pa anthu ake, iletse kudyera mobisala m'zipinda, ndipo isamale kuti zotsala zifike kwa osauka. Koma pofika cha m'ma 1370 mlakatuli William Langland anali kudandaula kuti holo yasanduka bwinja, pakuti mbuye ndi dona wake sakondanso kukhalamo, koma adzidyera okha m'kachipinda kofunda kuti apewe aumphawi. Njira imene anthu a ku Ulaya anayenda m'zaka mazana angapo, kuchoka m'holo kulowa m'chipinda, ife taiyenda m'mibadwo itatu kapena inayi, kuchoka pabwalo kulowa kuseri kwa mpanda wa njerwa.

Mboni yachinayi, imene kwa wokhulupirira iposa zonse, ndiyo Malembo Oyera. Ndipo wowerenga mosamala adzapeza kuti sapereka lamulo la mphasa kapena la gome, la chala kapena la foloko, koma apereka miyeso iwiri yoyesera madyedwe a mtundu uliwonse. Pamene alendo atatu anafika kwa Abrahamu ku Mamre, Sara anakanda ufa m'hema, ndipo alendowo anadyera panja patsinde pa mtengo, monga umo amuna a kwathu anadyera pabwalo. Koma alendo aja sanachoke osafunsa za mkazi amene anali kuseri kwa khomo, pakuti lonjezo limene anadza nalo linali kukhudza iyeyo. Elikana, popita kukapereka nsembe ku Silo, anagawira akazi ake ndi ana ake magawo awo, nakumbukira Hana mwapadera chifukwa anamukonda, ngakhale analibe mwana. Ndipo pamene Hanayo analeka kudya chifukwa cha chisoni, mwamuna wake anaona, namufunsa. Boazi anaitana Rute, mlendo wamasiye wa ku Mowabu, kuti asendere pafupi, asunse nthongo yake pamodzi ndi okolola, namupatsa chakudya ndi dzanja lake. Ndipo Rute anadya nakhuta, nasiyako china, chimene anatengera mpongozi wake Naomi kumudzi. Muyeso woyamba ndi umenewu: kuti mwamuna aone ndi maso ake ngati mkazi wake wadya, ndipo munthu sangaone chimenechi ali pabwalo, mkazi ali kuseri kwa nyumba.

Muyeso wachiwiri uoneka poyera m'Chipangano Chatsopano. Paulo anadzudzula Akorinto chifukwa, posonkhana ku Mgonero wa Ambuye, amene anali nazo anali kutsogola kudya zawozawo, osauka natsala ndi njala ndi manyazi. Anatsutsanso Petro pamaso pa anthu ku Antiokeya chifukwa analeka kudya pamodzi ndi abale a mitundu ina poopa anzake. Mwini chuma wa m'fanizo lija sanatsutsidwe chifukwa cha kuba kapena kupha, koma chifukwa anasekerera masiku onse pagome lake pamene Lazaro anali gone pachipata chake. Ndipo awiri aja a ku Emau, akadapanda kuumiriza mlendo wa panjira kuti alowe m'nyumba popeza kunali kuda, sakadamuzindikira Ambuye m'kunyema kwa mkate. M'matchalitchi athu ambiri amuna akhala mbali yawo ndi akazi mbali yawo, koma pofika pa Gome la Ambuye alandira mkate womwewo pa ora lomwelo, wopanda woyamba kukhuta ndi wodikira makombo. Ndipo kuli kovuta kumvetsa kuti iwo amene Mbuye wawo awadyetsa mofanana Lamulungu m'mawa akasiyanitsidwe ndi mbale ya matemba Lamulungu madzulo.

Chimene chinagwetsa chidyerano kwathu kuno sichinali chiphunzitso chokha, koma njala ndi ndalama. Megan Vaughan, amene anaphunzitsa mbiri yakale ku Chancellor College, atafunsa okalamba a m'boma la Blantyre za njala ya 1949, anamva kuti pamene chakudya chinachepa, anthu odyerana anachepanso, mpaka nyumba iliyonse inayamba kudyera m'kati mobisa. Ndipo akazi anakumbukira ndi kuwawa mtima amuna amene ananka kukafuna chakudya osabweranso, natamanda amene anabwera ndi kathumba pamutu. Elias Mandala naye, m'buku lake la 2005 lonena za chigwa cha Shire, analondola umo mwambo umenewu unazilalira. Pamenepo tiona kuti tsiku la tsoka liyesa zinthu zonse ziwiri pamodzi, chikondi cha awiri ndi chifundo cha mudzi. Masiku ano m'tauni ya Zomba, ku Chinamwali, ku Matawale, ku Sadzi, ku Chikanda ndi ku Mpondabwino, kumene ufa ugulidwa ndi ndalama, makala agulidwa ndi ndalama, ndipo ndiwo ziwerengedwa mulumulu pamsika, palibenso bwalo lotumizako nsengwa. Mwamuna adyera kuntchito, ana adya pobwera kusukulu, mkazi adya chiimirire pafupi ndi mbaula, ndipo m'nyumba zambiri tataya chidyerano cha makolo osapeza n'komwe mbale ya awiri. Uku ndiko kutayika koposa, kusiya chakale chabwino ndi kulephera kugwira chatsopano chabwino.

Alipo akulu amene aopa kuti mkazi akazolowera kudya ndi mwamuna wake adzayamba chipongwe, ndipo nkhawa yawo tiilandire ndi manja awiri, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Koma ulemu umene ukhalapo chifukwa wina ali ndi njala ndiwo mantha chabe, ndipo utha tsiku limene mantha atha. Mkazi wogwada popereka madzi osamba m'manja achita chinthu chokongola, chimene sitiyenera kuchita nacho manyazi pamaso pa mitundu ina. Koma kukongola kwake kukwanira pamene mwamunayo adikira kuti mkaziyo akhale pansi, namukankhira nthuli yabwino, ndipo tsiku limene mkaziyo wadwala kapena wachedwa kumunda, iye mwini atenga mtsuko namuthirira madzi, pokumbukira kuti Mwini ulemerero wonse anadzimanga chopukutira m'chiuno nasambitsa mapazi a ophunzira ake. Pa mbale imodzi ndi pamene mwamuna amva za fizi ya mwana, za feteleza wosakwanira ndi za mutu umene wakhala ukumupweteka mkazi wake. Ndipo mkwiyo umene ukadagona m'nyumba sabata yathunthu usungunuka msanga pakati pa anthu amene zala zawo zikumana m'mbale ya ndiwo.

Aliponso achinyamata amene anena kuti banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule, ndipo pa chifukwa chimenechi atseka chipata nthawi ya chakudya, naphunzitsa ana awo kunena kuti bambo ndi mayi achokapo. Mwambiwo ndi woona pa zinsinsi za kuchipinda ndi pa milandu ya awiri, koma suli woona pa mphika. Pakuti mphika sukhazikika pa mafuwa awiri, ufuna lachitatu, ndipo fuwa lachitatu la nyumba ya munthu woopa Mulungu ndiye mlendo, wamasiye, wantchito wa pakhomo, kapena wophunzira wa kutali amene ndalama zamuthera mwezi usanathe. Tidziwa kuti masiku ano zinthu zakwera mtengo, ndipo palibe amene angadyetse mudzi wonse ndi malipiro a munthu mmodzi. Koma mtanda umodzi woonjezera sunagwetsepo nyumba, ndipo kupatsa n'kuika. Abale athu Achisilamu a ku Domasi, ku Songani ndi m'tauni muno atikumbutsa chimenechi chaka ndi chaka m'mwezi wa Ramadhani, pamene dzuwa likalowa amasula kusala kwawo pamodzi, natumizirana futali nyumba ndi nyumba, osafunsa ngati mnansiyo apemphera kumzikiti kapena kutchalitchi.

Titamva mboni zonsezi, chigamulo chathu ndi ichi: mwamuna ndi mkazi wake adyere pamodzi, nthawi imodzi ndi ndiwo zimodzimodzi, kaya ndi pamphasa kaya ndi pagome, kaya ndi chala kaya ndi supuni, pakuti izi zilibe kanthu pamaso pa Mulungu, ana akhale pafupi, ndipo wamng'ono ayang'aniridwe kuti wakhuta, pakafika alendo ambiri, pamaliro, paukwati kapena pasadaka, amuna ndi akazi akhale m'magulu awo monga mwa mwambo, malinga nkhali ya nyama igawidwe mofanana mbali zonse ziwiri, ndipo pa nthawi ya chakudya khomo likhale losapiringidza. Tsono inu ankhoswe, inu alangizi a chinamwali ndi a ukwati, inu amayi a Mvano ndi a mabungwe ena a mipingo, inu abusa, ansembe ndi mashehe a m'boma lino la Zomba, pamene mukhazika pansi mnyamata ndi namwali usiku wa malangizo, musalekere pa kuuza mkazi kuti asamale mimba ya mwamuna wake. Muuzeninso mwamunayo kuti asateme nsima mkazi wake asanakhale pansi, ndipo muwauze onse awiri kuti potsira ufa mumphika aziyesa wa anthu a m'nyumba mwawo ndi wa munthu mmodzi amene sanamuyembekeze.